Tiyeni tiwasiyire makina ntchito yoyendera malinki a mawebusaiti athu

Akonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga amene amamanga ndi kusamalira mawebusaiti m'dziko muno, komanso ndi akuluakulu a mabungwe, sukulu, mipingo ndi malo ogona alendo amene amatilemba ntchito imeneyi. Ine ndimakhala ku Chitakale m'boma la Mulanje, ndipo mwa ntchito zimene ndimapezera ya sopo ndi mchere, ina ndi yosamalira mawebusaiti a mabungwe ang'onoang'ono angapo a kuno ndi a ku Thyolo. Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya malinki akufa, aja amene munthu amadina ali ndi chiyembekezo koma osamufikitsa kulikonse, ndipo ndiyamba ndi kuulula kulakwa kwanga kuti pasakhale wina woganiza kuti ndikuloza chala anzanga ine ndili woyera.

Chaka chatha bungwe lina limene ndimaligwirira ntchito, lomwe dzina lake ndilisunga, lidalengeza kuti lithandiza ophunzira ovutika a sekondale ndi fizi, ndipo lidauza anthu kuti fomu yofunsira thandizolo aipeza pa webusaiti. Mtsikana wina wa cha ku Limbuli adagula bandulo, nkudina linki ya fomuyo, koma foni yake idangomuonetsa manambala atatu, 404, pamodzi ndi mawu achingerezi oti tsambalo silikupezeka. Iye adaganiza kuti yavuta ndi netiweki, monga mmene aliyense wa kuno angaganizire, motero adayesanso mawa lake ndi mkuja wake, mpaka makolo ake adamupezera ndalama ya minibasi kuti akafunse yekha ku ofesi pa boma. Adafika tsiku lotsekera litadutsa kale. Atandiimbira foni a ku ofesiko, ndidafufuza ndipo ndidapeza kuti cholakwika chonse chidali chilembo chimodzi chokha, chifukwa pa linki ndidalemba dzina la fayilo loyamba ndi F wamkulu pomwe fayiloyo ndidaisunga ndi f wamng'ono. Pa laputopu yanga ya Windows zonse zinkatseguka bwinobwino popeza Windows salabadira kusiyana kumeneku, koma seva, kompyuta imene webusaitiyo imakhalapo, imayendera pulogalamu ina yotchedwa Linux, ndipo kwa Linux amenewa ndi mayina awiri osiyana ngati Phiri ndi Banda. Linkiyo idakhala yakufa masabata atatu. Akuluakulu a bungwelo adamumvera chisoni mtsikanayo nalandira fomu yake mochedwa, koma iye ndi amene adali ndi ndalama ya minibasi komanso mtima wosagonja, ndipo ndikaganizira za ana ena amene adangozimitsa foni nkukalowa kumunda ndimachita manyazi mpaka lero.

Kuti mfundo yanga imveke, ndilongosole kaye zimene zimachitika munthu akadina linki. Foni kapena kompyuta yake imatumiza pempho kwa seva, yomwe ndi kompyuta yosunga webusaitiyo, ndipo seva isanapereke chilichonse imayamba yayankha ndi nambala. Ikayankha 200 ndiye kuti zonse zili bwino ndipo tsamba likubwera. Ikayankha 301 ikunena kuti tsambalo lidasamukiratu, ndipo imaperekanso adiresi yatsopano kuti wofunsayo asavutike. Nambala ya 404 ikutanthauza kuti pa adiresi imeneyo palibe kanthu, 410 ikutanthauza kuti chidalipo koma eni ake adachichotsa dala, pomwe manambala oyambira 500 amasonyeza kuti seva yomweyo ndiyo yadwala. Chofunika kuchigwira apa nchakuti manambala amenewa adapangidwira makina, osati maso a munthu, kotero kuti pulogalamu yaing'ono ikhoza kugogoda pa khomo la linki iliyonse ya pa webusaiti, kumva yankho lake, nkulemba mndandanda wa zimene sizidayankhe bwino, zonsezi mwini wake ali mtulo.

Vuto la linki yakufa nlakuti ilibe wolira maliro ake. Madzi akasiya kutuluka pa mpopi anthu amapita kukadandaula, koma wowerenga akapeza 404 sauza munthu, amangotseka tsambalo nkumapita, pajatu mlendo ndi mame. Mwini webusaiti nayenso sadziwa kanthu, chifukwa iye akaitsegula amangoyang'ana tsamba loyamba lokhala ndi chithunzi chake, naona kuti zonse zikuoneka zokongola. Zimenezi si za kuno kokha ayi. Mu Meyi 2024 bungwe lofufuza la Pew Research Center la ku America lidatulutsa zotsatira zoonetsa kuti masamba 38 pa 100 aliwonse amene adalipo pa intaneti mu 2013 adali atasowa patangotha zaka khumi, ndiponso kuti masamba 23 pa 100 a nkhani ndi masamba 21 pa 100 a boma la kumeneko adali ndi linki yakufa imodzi kapena zingapo. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 2014, Jonathan Zittrain ndi anzake a pa yunivesite ya Harvard adapeza kuti pafupifupi theka la malinki otchulidwa m'zigamulo za khothi lalikulu kwambiri la dziko la America sadali kufikitsanso munthu pa zimene oweruza adaziwerenga. Ngati zikutero kwa anthu amene ali ndi ndalama ndi antchito olembedwera zomwezo, nanga ife amene webusaiti yonse imasamalidwa ndi munthu mmodzi, yemwe ndi yemweyonso amakonza pulinta ndi kujambula zithunzi pa misonkhano?

Kwathu kuno malinki ali ndi njira zakezake zofera. Ntchito ya chitukuko yoyendetsedwa ndi ndalama za mabungwe akunja ikatha, pamasowa wolipira dzina la webusaiti, lomwe ndi adiresi yake ya pa intaneti, chaka chotsatira, ndipo malipoti onse amene mabungwe ena ankalozako amazimirira tsiku limodzi. Ofesi ikasintha dzina kapena ikaphatikizidwa ndi ina, amamanga webusaiti yatsopano osasiya chizindikiro pa adiresi yakale, ngati banja losamuka usiku osatsanzika kwa mfumu, ndipo obwera pambuyo amangopeza bwinja. Palinso ziphaso za chitetezo, zija zimapangitsa kuti adiresi iyambe ndi https, zomwe zimakhala ndi tsiku lothera ntchito, ndipo zikatha osakonzedwanso foni imaopseza wowerenga kuti asalowe. Tsono tikumbukire kuti lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi mabungwe a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Ine ndikuona kuti chikalata chimene chili kuseri kwa linki yakufa sichisiyana ndi chikalata chokhomeredwa mu kabati yotaya kiyi, ngakhale eni ake atalumbira kuti adachiika poyera. Chimodzimodzinso ndi malonda athu a zokopa alendo. Phiri la Mulanje lidalowa pa mndandanda wa UNESCO wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu Julayi 2025, ndipo mlendo wofuna kukwera Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, amayamba ulendo wake pa intaneti ali kwawo. Akadina linki yosungitsira malo ku Likhubula nkupeza 404, ndalama yake imapita kwina ife osadziwa nkomwe kuti idatsala pang'ono kubwera.

Ena adzati mankhwala ake nkusamala basi, kuti womanga webusaiti azidina linki iliyonse asanatulutse tsamba. Ine ndidayesa zimenezo nditachita manyazi aja, ndipo ndidapirira mwezi umodzi wokha. Webusaiti ya masamba makumi asanu imakhala ndi malinki mazana, ukawerengera a zithunzi, a mafayilo ndi a m'munsi mwa tsamba lililonse, ndipo palibe munthu amene angawadine onse Lolemba lililonse osatopa kapena kudumpha ena. Komanso linki imene yatseguka lero ikhoza kufa mawa iwe osakhudza kalikonse, chifukwa amene wasamutsa tsamba ndi munthu wina wa ku Lilongwe kapena ku Geneva amene sakudziwa nkomwe kuti uliko.

Apa ndi pamene njira imene akatswiri a mapulogalamu amaitcha continuous integration, kapena CI mwachidule, imathandiza, ndipo ife a kuno kwa tiyi sitiyenera kuvutika kuimvetsa. Tiyi akathyoledwa m'munda salowa mu paketi nthawi yomweyo. Amayamba wafika pa sikelo, pomwe amaunikidwa ngati wothyolayo watsata lamulo la masamba awiri ndi nsonga, ndipo mtanga wodzaza makoko ndi masamba okhwima umabwezedwa pomwepo usanasakanikirane ndi wa anzake. Akalowa m'fakitale amafotetsedwa, amadulidwa, amasiyidwa kuti asinthe mtundu, amaumitsidwa, kenako nkusankhidwa magiredi, ndipo gawo lililonse limalandira zokhazo zimene gawo la m'mbuyo lavomereza. CI ndi mzere wa ntchito wotero, wongosiyana poti oyang'anira ake ndi mapulogalamu. Mafayilo onse a webusaiti amasungidwa mu Git, pulogalamu imene Linus Torvalds adalemba mu 2005, yomwe imasunga mbiri ya kusintha kulikonse pamodzi ndi dzina la wosinthayo. Munthu akasintha kanthu nkutumiza ku malo osungira ngati GitHub kapena GitLab, kompyuta ya kumeneko imadzuka yokha, imamanga webusaiti yonse mwatsopano pa malo oyeserera, imaiyesa mayeso amene mudaiuza, ndipo pokhapokha mayeso onse akapambana mpamene imalola kuti zosinthazo zifike pamaso pa anthu. Pempho langa nlakuti kuyendera malinki kukhale limodzi mwa mayeso amenewa, pa webusaiti iliyonse imene munthu walipidwa kuti aimange.

Zida zochitira zimenezi zilipo kale ndipo nzaulere. Ine ndimagwiritsa ntchito lychee, kapulogalamu kolembedwa m'chinenero cha Rust komwe kamayendera malinki mazana m'kanthawi kochepa, koma palinso htmltest, LinkChecker ndi zina zimene zimagwira ntchito yomweyo. Pa GitHub Actions, yomwe ndi CI ya GitHub ndipo idatsegulidwira anthu onse mu Novembala 2019, munthu amangolemba kafayilo kamodzi ka mtundu wa YAML nkukaika mu foda ya .github/workflows, ndipo malangizo ake onse akhoza kukwana pa tsamba limodzi la kope la mwana wa sukulu. Kafayiloko kamanena nthawi yoti ntchito iyambe, mafayilo oti ayenderedwe, ndi zoti zichitike pakapezeka linki yakufa. Chida chikamaliza kuyendera chimasiya nambala yake, ndipo ikakhala 0 mzere wa ntchito umapitirira, koma ikakhala ina iliyonse mzerewo umaima, pa sikirini pamaoneka chizindikiro chofiira, ndipo wosintha uja amalandira imelo yomuuza fayilo ndi linki imene yavuta. F wanga wamkulu uja akadagwidwa pamenepa pasanathe mphindi ziwiri, chifukwa makompyuta ambiri a CI amayendera Linux monga seva yeniyeniyo, ndipo mtsikana wa ku Limbuli sakadakwera minibasi.

Koma pali phunziro limene ndidalipeza movutikira, ndipo ndi limene ndikufuna anzanga alimve kuposa zonse. Malinki ali mitundu iwiri, ndipo kuwaika m'thumba limodzi ndi kumene kumapha ntchito yonseyi. Alipo a m'nyumba, olozera ku masamba, zithunzi ndi mafayilo a webusaiti yako yomweyo, ndipo alipo akunja, olozera ku mawebusaiti a anthu ena. Linki ya m'nyumba ikafa, wolakwa ndiwe, kukonza kwake kuli m'manja mwako, ndipo kuyesa kwake sikufuna ngakhale kutuluka pa intaneti chifukwa chida chimangoyang'ana ngati fayilo yotchulidwayo ilipodi mu foda. Choncho nkoyenera kuti linki yotere iziimitsa mzere wonse, tsamba lisatuluke mpaka itakonzedwa. Linki yakunja ndi nkhani ina, chifukwa ikhoza kulephera pa zifukwa zimene iwe ulibe nazo mphamvu, ndipo nthawi zambiri imakhala isadafe nkomwe. Seva ya eni ake ikhoza kukhala yazima kwa ola limodzi, kapena yachedwa kuyankha mpaka chida chako nkutopa kudikira. Ikhozanso kukuyankha 429, kutanthauza kuti wagogoda kambirimbiri m'kanthawi kochepa ndipo uyambe wapuma, kapena 403 chifukwa yazindikira kuti wogogodayo ndi makina osati munthu. LinkedIn imadziwika ndi kuyankha makina otere ndi nambala yakeyake ya 999, imene palibe ngakhale pa mndandanda wovomerezeka.

Poyamba ine ndidalamula kuti linki iliyonse yolephera, ya m'nyumba kaya yakunja, iziimitsa zonse, ndipo ndinkadziona ngati munthu wosamala kwambiri. Tsiku lina madzulo mnzanga wa m'bungwe lina la ku Thyolo adafuna kutulutsa chidziwitso chofulumira choti msonkhano wa alimi wasinthidwa malo, koma mzere udakana katatu konse chifukwa webusaiti ina ya ku Ulaya, imene tidailozera m'nkhani ya zaka ziwiri zapitazo, idali itazima usiku umenewo. Mnzangayo adachita zimene munthu aliyense wanzeru akadachita, adazimitsa chida chonsecho, natulutsa chidziwitso chake, ndipo adaiwala kuchiyatsanso. Ndidazindikira patapita miyezi iwiri. Sindidamudzudzule, chifukwa galu wouwa tsamba lililonse logwa mu mtengo amafika poti eni nyumba samudzukiranso, ndipo wolakwa ndi amene adamuphunzitsa kutero.

Tsopano ndidazigawa pawiri. Malinki a m'nyumba amayenderedwa nthawi iliyonse munthu akasintha kanthu, ndipo akalephera tsamba silituluka. Malinki akunja amayenderedwa kamodzi pa sabata pa nthawi yoikika, ndipo akalephera palibe chimene chimaima, chida chimangolemba lipoti nkulitumiza kwa ine. Ndidachiuzanso kuti chisafulumire kulengeza maliro, koma chiyese linki yokana katatu, chikupumira pakati, ndiponso kuti yankho la 429 chisaliwerenge ngati imfa. Chimasunganso zotsatira za ulendo wapitawo kwa tsiku limodzi kapena awiri, kuti ndikachiyendetsa kawiri motsatizana chisavutitsenso anthu amene chawafunsa kale. Mfundo yomalizayi ndi ya ulemu chabe, koma ndiyofunika, chifukwa maseva ambiri a mabungwe athu ndi ang'onoang'ono, ndipo kuwatumizira mapempho mazana nthawi imodzi kuli ngati kufika pa khomo la munthu wosauka ndi basi yodzaza alendo osanena. Pali mwayi woika malire a kuchuluka kwa mapempho opita nthawi imodzi, ndipo ndikupempha anzanga kuti aziugwiritsa ntchito.

Chida chilichonse chimalolanso kulemba mndandanda wa maadiresi oti chiziwadumpha, ndipo mndandanda umenewu ndi wothandiza komanso woopsa. Ndi wothandiza pa mawebusaiti aja amene amakana makina nthawi zonse, koma munthu waulesi amayamba kuponyamo linki iliyonse yomuvutitsa mpaka lipoti limabwera loyera sabata iliyonse pomwe theka la webusaiti ndi manda. Lamulo limene ndidadziikira nlakuti adiresi iliyonse yolowa pa mndandandawo ikhale ndi mzere wofotokoza chifukwa chake ndi tsiku limene idalowa, ndipo miyezi itatu iliyonse ndimaidina ndekha ndi chala changa.

Sindikufuna kunamiza owerenga kuti makina amaona zonse. Pali mawebusaiti amene tsamba likasowa amayankhabe 200, nkukuonetsa tsamba lokongola lonena kuti pepani palibe kanthu, kapena kukuponyera ku tsamba loyamba mwakachetechete, ndipo chida chimakhulupirira kuti zonse zili bwino. Choipa kwambiri ndi dzina la webusaiti limene eni ake adasiya kulipira, wina nkuligula. Ndidapezapo linki ya pa tsamba la sukulu ina, imene kale inkalozera ku mabuku othandiza ana, itayamba kufikitsa anthu ku malo otsatsa juga, ndipo chida chinkaipatsa chizindikiro chobiriwira sabata ndi sabata chifukwa seva inkayankha 200 mwaulemu wonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira yochepetsera ngoziyi ndi kuyang'anitsitsa malinki amene ayamba kukutumiza ku dzina lina losiyana ndi limene udalemba, chifukwa kusamuka kotero ndiko kumakhala chizindikiro choyamba, koma ngakhale zili choncho diso la munthu limafunikabe pa malinki ofunika kwambiri, monga a mafomu, a malipiro ndi a zinthu za ana.

Linki yakufa ikapezeka, kukonza kwake si kuichotsa kokha. Nthawi zambiri tsambalo lidangosamuka ndipo adiresi yatsopano imapezeka ukafufuza pang'ono. Likakhala kuti lidasoweratu, ndimapita ku Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive, limene lakhala likusunga makope a masamba a pa intaneti kuyambira 1996, ndipo ndikapeza kope lakale ndimalozera kumeneko nkulemba pambali kuti limeneli ndi kope losungidwa. A Wikipedia amachita zomwezi ndi makina komanso ndi manja, ndipo pofika 2018 adali atapulumutsa malinki opitirira 9 miliyoni mwa njira imeneyi. Koma tikumbukirenso kuti ifenso ndife akunja kwa anthu ena. Tim Berners-Lee, amene adayambitsa ukonde wa mawebusaiti ku CERN, malo ofufuzira za sayansi a ku Ulaya, mu 1989, adalemba mu 1998 kulangiza kuti adiresi yabwino ndi imene sisintha, ndipo malangizowo sadakalambe. Tikamanga webusaiti yatsopano m'malo mwa yakale, tizilemba maadiresi onse akale, tiziika 301 pa iliyonse yolozera kumalo kwake kwatsopano, ndipo mndandanda wa maadiresi akalewo tiziupereka kwa chida chomwecho kuti chizitsimikiza kuti palibe imene yasiyidwa pa bwinja.

Ndikudziwa kuti funso loyamba la msungichuma wa bungwe lililonse likhala la ndalama. GitHub salipiritsa ntchito zimenezi pa mafayilo oikidwa poyera, ndipo pa mafayilo obisika amapereka mphindi 2,000 pa mwezi kwaulere, pomwe webusaiti yaing'ono imangodya mphindi zowerengeka pa sabata. Ubwino wina umene ife a kuno tiyenera kuuyamikira ngwakuti ntchito yonseyi imachitikira pa makompyuta a kumeneko, osati pa laputopu yako, kotero kuti sidya bandulo yako ndipo siima magetsi akathima kapena mvula ya pansi pa phiri ikagwetsa netiweki. Pali tinthu tiwiri tongofunika kusamala. Nthawi yoikika imawerengedwa pa wotchi ya UTC, imene ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola awiri, motero wofuna kuti ntchito iyambe 3 koloko m'bandakucha alembe 1 koloko. Chachiwiri nchakuti pa mafayilo oikidwa poyera, GitHub imaimitsa yokha ntchito za nthawi yoikika pakapita masiku 60 popanda wosintha kanthu, ndipo webusaiti yosiyidwa chonchi ndi yomweyo imene malinki ake amafa kwambiri, choncho imelo yochenjeza za kuimitsaku isamadutsidwe.

Anzanga ambiri adzati mawebusaiti awo ndi a WordPress, amasinthidwa pa sikirini mwachindunji ndipo sadutsa mu Git. Zimenezo nzoona, ndipo kwa iwo gawo loimitsa tsamba lisanatuluke ndi lovuta kulipeza. Koma gawo la sabata ndi sabata likutheka ndithu, chifukwa chida chikhoza kupatsidwa maadiresi a webusaiti imene ili kale pa intaneti nkuiyendera ngati mlendo wina aliyense. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa kuika pulogalamu yowonjezera m'kati mwa WordPress momwemo, popeza pulogalamu yotero imalemetsa seva yomwe ikutumikira owerenga, ndipo maseva otchipa amene ambirife timabwereka salimba kunyamula katundu wawiri.

Chotsala ndi munthu, ndipo apa ndikulankhula ndi akuluakulu amene amasaina mapangano. Lipoti lopita ku imelo imene palibe amaitsegula ndi chimodzimodzi kusakhala ndi lipoti. Pa bungwe lililonse pakhale munthu mmodzi wodziwika ndi dzina amene amalandira lipotilo, ndipo iye akachoka ntchito imelo isinthidwe tsiku lomwelo pamodzi ndi makiyi a ofesi. Mukamalemba ntchito womanga webusaiti, musamangofunsa za mitundu ndi zithunzi. Lembani m'pangano kuti malinki a m'nyumba aziyesedwa pa kusintha kulikonse, akunja kamodzi pa sabata, kuti linki yakufa ya fomu kapena ya malipiro ikonzedwe pasanathe masiku awiri a ntchito, ndiponso kuti dzina la webusaiti lilembetsedwe m'dzina la bungwe osati la womangayo, tsiku lolipiranso litalembedwa pa khoma la ofesi. Mufunseni akuonetseni lipoti limodzi musanamulipire gawo lomaliza la ndalama zake. Ana athu amene akuphunzira zamakompyuta ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kuno ndi m'makoleji ena akhoza kukhazikitsa zonsezi tsiku limodzi asanadye nkhomaliro, ndipo ingakhale ntchito yabwino yowapatsa pamene abwera kudzaphunzira ntchito m'maofesi mwanu, kusiyana ndi kuwatuma kukajambulitsa mapepala. Inunso Akonzi, nkhani zanu zakale zimalozeredwa ndi ophunzira, ofufuza ndi maloya, motero tsiku limene mudzasinthe maonekedwe a webusaiti yanu, chonde mudzafunse akatswiri anu za 301 musanavomereze.

Bungwe lija la fizi lalengezanso mwayi womwewo chaka chino. Linki ya fomu tsopano imayesedwa pa kusintha kulikonse komanso m'mawa uliwonse mpaka tsiku lotsekera, ndipo tsamba la 404 ndidalilembanso m'Chichewa. Limauza wowerenga kuti vuto si foni yake kapena netiweki koma ndi lathu, ndipo m'munsi mwake muli nambala ya ku ofesi yoti atumizeko uthenga kapena kungofulasha, kuti amutumizire fomuyo pa WhatsApp.

Wowerenga wanu,
Chitakale, Mulanje